Liwiro la pa Pasaka: mbiri ya mpikisano wa CARIFTA

Kwa zaka zambiri ndinali mphunzitsi wa zamasewero pasukulu ina ya pulayimale ya kumudzi. Mvula ikangosiya, ana ankabwera ndi makasu ndi zikwakwa kudzalambula bwalo, ine n'kuyeza ndi chingwe, m'mizere n'kuthiramo phulusa poti laimu tinkamuona mwa apo ndi apo. Kamtengo kopatsirana pothamanga tinkadula kunsungwi za kudambo. Zida zanga zinali wenzulo ndi wotchi imodzi yapamkono, basi.

Chaka china m'sitandade 7 munali mtsikana wina wamtali, wosayankhulayankhula, amene ankasiya anyamata onse pa mamita 200. Ankathamanga wopanda nsapato, diresi atalimanga m'chiuno ndi kachingwe. Pazoni anapambana. Kuboma anapambananso, mpaka aphunzitsi a sukulu zina ankabwera kudzafunsa kuti mwanayu ndi wa kwa yani. Mpikisanowo utatha, akuluakulu anatiuza kuti tidikire kalata yotiitanira kuchigawo. Kalatayo sinabwere. Chaka chotsatira mpikisano wa boma sunachitike n'komwe, akuti ndalama ya galimoto panalibe. Patapita zaka zitatu ndinakumana naye kuchigayo ali ndi mwana kumbuyo. Anandigwadira n'kundipatsa moni mwaulemu, koma za liwiro sitinatchule.

Ndinamukumbukira mwanayu pa Pasaka wa 2022, pamene mdzukulu wanga anandipatsa foni kuti, "Agogo, taonani anzanu awa." Pafonipo panali atsikana anayi a ku Jamaica akupatsirana kamtengo m'bwalo la National Stadium ku Kingston: Serena Cole, Tina Clayton, Brianna Lyston ndi Tia Clayton. Tina ndi Tia ndi mapasa. Ndinaonera kangapo, maso ali pamanja awo. Wolandira sankacheuka. Ankangoliyatsa liwiro mnzake akafika pachizindikiro chimene anaika pansi, n'kutambasulira dzanja kumbuyo, kamtengo n'kulowa m'chikhatho ngati kakudziwa kwawo. Ine ndinatha zaka ndikukalipira ana kuti asamaime podikira kamtengo, ndiye ndikudziwa kuti zimenezi siziphunzirika m'sabata imodzi. Anamaliza mamita 400 amenewo m'masekondi 42.58, nthawi imene atsikana osakwana zaka 20 anali asanathamangepo padziko lonse. Mpikisanowo dzina lake ndi CARIFTA Games. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutsata mbiri yake, ndipo m'mbiri imeneyi muli chitaganya, mawu amene ife a kuno timawadziwa bwino.

Nthawi imene Angelezi anatimanga pamodzi ndi Rhodesia, kuyambira 1953 mpaka 1963, analinso ndi chitaganya china kutsidya la nyanja ya Atlantic. Mu 1958 anaphatikiza zilumba zawo za ku Caribbean kukhala West Indies Federation, likulu lake ku Port of Spain, nduna yaikulu Grantley Adams wa ku Barbados. Chathu tinachikana chifukwa chinali goli la atsamunda. Chawo chinagwa pa zifukwa zina: kukangana za misonkho ndi mphamvu, ndiponso kutalikirana, poti kuchoka ku Kingston kukafika ku Port of Spain ndi makilomita oposa 1,500 a madzi okhaokha. Mu 1961 anthu a ku Jamaica anavota kuti atulukemo, Trinidad n'kutsatira, ndipo mu May 1962 chitaganyacho chinatha. Chinasiya chikumbutso chimodzi chokoma. Pa masewero a Olimpiki a ku Rome mu 1960 zilumbazi zinapita ngati timu imodzi, George Kerr n'kutenga mendulo yachitatu pa mamita 800, ndipo anyamata anayi, atatu a ku Jamaica ndi mmodzi wa ku Barbados, anatenganso yachitatu popatsirana kamtengo pa mamita 400 aliyense.

Ndale zitakanika, atsogoleri anayesa malonda. Mu December 1965 Antigua, Barbados ndi Guyana anasainirana pangano ku Dickenson Bay loti katundu azidutsa pakati pawo popanda msonkho wapachipata. Panganolo linayamba kugwira ntchito mu 1968, maiko enanso n'kulowamo, ndipo linkatchedwa Caribbean Free Trade Association, mwachidule CARIFTA. Nalonso silinakhalitse. Mu July 1973 ku Chaguaramas anasainirana pangano latsopano limene linabala CARICOM, dzina la CARIFTA n'kuyamba kufufutika m'mabuku a zamalonda.

Koma chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1972, Austin Sealy, amene ankatsogolera bungwe la masewero othamanga ku Barbados, anaitana achinyamata a m'maiko a mgwirizanowu kuti adzapikisane ku Bridgetown. Anali bambo wa zaka za m'ma 30. Mpikisanowo anaupatsa dzina la mgwirizano wa malonda uja. Lero mukafunsa mwana wa ku Nassau kapena ku Castries kuti CARIFTA n'chiyani, sakuuzani za msonkho wa shuga ndi nthochi. Akuuzani za liwiro, kulumpha ndi kuponya nthungo. Sealy anadzakhala membala wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse mu 1994, ndipo kuyambira 1977 mwana amene wachita bwino koposa onse pampikisanowu amalandira chikho chotchedwa dzina lake.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Umachitika chaka chilichonse pa Pasaka, masiku atatu, Loweruka mpaka Lolemba. Ana amagawidwa pawiri: osakwana zaka 17 ndi osakwana zaka 20, anyamata paokha, atsikana paokha. Kwa zaka zingapo malire a gulu laling'ono anawakweza kufika pa 18, kenako mu 2018 anabwerera pa 17. Dziko lililonse limayamba lachititsa mpikisano wakewake wosankhira timu, ndipo mwana amayenera kufika pa nthawi kapena mtunda umene aika kuti akwere ndege. Ndipo mpikisanowu sukhala malo amodzi. Utachoka ku Bridgetown unapita ku Port of Spain mu 1973, ku Kingston mu 1974, ku Bermuda mu 1975, ku Nassau mu 1976. Pambuyo pake zilumba zoyankhula Chifalansa, Martinique ndi Guadeloupe, nazonso zinalandira alendo, ndipo mu 2017 unakafika ku Curaçao, kumene chiyankhulo cha boma china ndi Chidatchi. Cuba, Dominican Republic ndi Puerto Rico, zilumba zazikulu zoyankhula Chisipanishi, sizipikisana nawo.

Kuzungulira kumeneku ine ndimakuona ngati msana wa nkhani yonse. Chilumba chaching'ono chikauzidwa kuti chaka chakuti alendo abwera kwanu, boma lake limakakamizika kumanga kapena kukonza bwalo, ndipo alendo akapita bwalolo limatsalira ana a pomwepo. Providenciales ku Turks and Caicos analandira mpikisanowu mu 2007, Basseterre ku St Kitts mu 2008, Vieux Fort ku St Lucia mu 2009, George Town ku Cayman mu 2010. Ena mwa malowa anthu ake ndi ochepa kuposa a tauni ya Zomba. Akuluakulu athu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo apa mwana wa pakachilumba ka asodzi amagwada pamzere umodzi ndi mwana wa ku Kingston, mfuti imodzi, wotchi imodzi.

Komabe tisanamizane, amene amakolola kwambiri ndi Jamaica. Bahamas inatsogola pa mamendulo mu 1984 mpikisano uli kwawo ku Nassau, chaka chimene Pauline Davis analandira chikho cha Sealy, ndipo kuyambira 1985 palibe amene waichotsa Jamaica pamwamba. Chifukwa chake chili m'sukulu. Kuyambira 1910 sukulu zasekondale za anyamata ku Jamaica zakhala zikupikisana chaka ndi chaka pampikisano umene eni ake amangouti Champs. Atsikana anali ndi wawo, ndipo mu 1999 iwiriyi inaphatikizidwa. Umachitika Pasaka atayandikira, bwalo la National Stadium limadzaza, akuluakulu ovala mataye amavala makaka a sukulu zimene anaphunzirako, dziko lonse lili pa wailesi ndi pa kanema. Mwana amene wapirira phokoso la Champs, pofika ku CARIFTA mantha amakhala atamuthera. A ku Bahamas nawo amayankha ndi ng'oma. Amanyamula gulu lawo la Junkanoo, ng'oma zachikopa cha mbuzi, malipenga ndi mabelu a ng'ombe, n'kukakhala mbali imodzi ya bwalo, ndipo mwana wawo akamakhota pakona yomaliza phokoso lake limamveka ngakhale pa kafoni kanga.

Nkhani ya Usain Bolt ambiri amaiyambira ku Beijing mu 2008. Ine ndimaiyambira ku Bridgetown mu 2001, pamene mnyamata wa zaka 14 wochokera m'mudzi wa Sherwood Content, wophunzira pa William Knibb Memorial High School, anavala malaya a Jamaica n'kuthamanga mamita 200 ndi 400. Konse kuwiri anakhala wachiwiri. Izi ndimazikonda kuposa mamendulo ake a golide, chifukwa mwana ameneyu anagonja, anabwerera kwawo, ndipo ankadziwa motsimikiza kuti Pasaka wotsatira mpikisano udzakhalaponso. Sanauzidwe kuti adikire kalata. Mu 2002 ku Nassau anapambana mitunda yonse iwiri. Miyezi yochepa pambuyo pake, ali ndi zaka 15, anatenga golide pampikisano wa achinyamata a dziko lonse kwawo ku Kingston. Mu 2003 ku Port of Spain analandira chikho cha Sealy.

Kenako kunabwera Bermuda, pa 11 April 2004. Bolt anali ndi zaka 17. Mbiri ya achinyamata pa mamita 200 inali masekondi 20.13, imene Roy Martin wa ku America anaika mu 1985, ndipo Bolt anali ataifikapo kale chaka chapitacho osaipyola. Amene sanaimepo ndi wotchi pamzere womaliza mwina sangamve kukula kwa nkhaniyi. Mamita 200 ndi pafupifupi mabwalo awiri a mpira kuwalumikiza m'litali, ndipo theka loyamba umathamanga mokhota, thupi likukukokera kunja. Munthu wamtali ngati Bolt kona imamuvuta kuposa wamfupi. Kuti nthawi ivomerezedwe, mphepo yokukankha kumsana isapyole mamita awiri pa sekondi, ndipo tsiku limenelo inali pansi pa malirewo. Atatuluka pakona n'kuongoka, anzake anatsala ngati aima. Wotchi inaonetsa 19.93. Anali wachinyamata woyamba padziko lonse kutsika pansi pa masekondi 20, ndipo nthawi imeneyi inakhala zaka 17 osathyoledwa, mpaka Erriyon Knighton wa ku America anaipyola mu 2021. Zinachitika pampikisano wa ana a sukulu, pachilumba cha anthu osafika 70,000.

Chaka chomwecho cha 2004 chili ndi kanthu kathu ifenso. Mu July kunali mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, ku Italy. Bolt sanathamange chifukwa anavulala mnofu wa kuntchafu. Koma mtsikana wa ku Malawi, Catherine Chikwakwa, anathamanga mamita 5,000 n'kutenga mendulo yasiliva, patsogolo pake pali Meselech Melkamu wa ku Ethiopia yekha. Ndimafuna ana athu azidziwa zimenezi. Miyendo tili nayo.

Mayina ena ndingowadutsa mwachangu, poti ndi ambiri. Obadele Thompson wa ku Barbados, amene anatenga mendulo yachitatu pa mamita 100 pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000, anadzera pomwepa. Pauline Davis uja ndi Debbie Ferguson anali m'gulu la amayi anayi a ku Bahamas amene anatenga golide wopatsirana kamtengo ku Sydney komweko. Veronica Campbell, Yohan Blake amene anathamanga 10.11 pa mamita 100 ku Providenciales, Shaunae Miller, onsewa anagwirapo chikho cha Sealy.

Amene ndikufuna kuimapo ndi ana awiri a 2012. Woyamba ndi Kirani James wa ku Gouyave, katauni ka asodzi ku Grenada. Anthu a dziko lonse la Grenada safika ngakhale theka la anthu a m'boma la Ntchisi. Mu 2007, ali ndi zaka 14, anapambana mamita 400 a gulu laling'ono. Mu 2009 ku Vieux Fort, ali ndi zaka 16 koma akupikisana ndi akuluakulu a gulu la zaka 20, anathamanga 45.45 n'kufufuta mbiri ya mpikisanowu imene Bolt anasiya mu 2003. Mu 2011 anali katswiri wa dziko lonse ku Daegu, ndipo mu 2012 ku London anatenga golide m'masekondi 43.94, mendulo yoyamba ya Olimpiki m'mbiri ya Grenada. Bwalo lawo la masewero linali litagwetsedwa ndi namondwe Ivan mu 2004. Atalimanganso linalandira CARIFTA mu 2016, ndipo lero limatchedwa Kirani James Athletic Stadium. Pampikisano wa 2016 umenewo mnyamata wina wa pomwepo, Anderson Peters, anapambana kuponya nthungo, ndipo anadzakhala katswiri wa dziko lonse kawiri, mu 2019 ndi mu 2022.

Wachiwiri ndi Keshorn Walcott wa ku Toco, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja kumpoto chakum'mawa kwa Trinidad. Kuponya nthungo anthu ankakuyesa masewero a azungu a ku Finland, Germany ndi maiko oyandikana nawo. Walcott anapambana pa CARIFTA ku Bermuda mu April 2012, mu July n'kupambana pampikisano wa achinyamata ku Barcelona, mu August n'kuponya mamita 84.58 ku London n'kutenga golide wa Olimpiki ali ndi zaka 19. Makwerero atatu m'miyezi isanu, ndipo loyamba linali la kwawo.

Sindikunena kuti zonse n'zokoma kumeneko. Kuyenda pakati pa zilumba n'kodula kwambiri, ndipo kampani ya ndege ya LIAT imene inkalumikiza tizilumba tating'ono inagwa m'mavuto a zachuma mu 2020. Pali zaka zimene dziko lolonjeza kulandira alendo linabwerera m'mbuyo, monga mu 2011 pamene St Kitts inalephera, Jamaica n'kuwombola mpikisano poupititsa ku Montego Bay. M'mipando ya owonerera mumakhalanso makochi a mayunivesite a ku America, kope m'manja, kusaka ana oti akawapatse maphunziro aulere. Kwa banja losauka umenewu ndi mwayi waukulu, ndipo ambiri apeza madigiri mwa njira imeneyi, koma ena amakathamangitsidwa mopyola muyezo n'kubwerako miyendo itatha. Ngakhale kusukulu kwawo komweko alipo makochi amene amafinya mwana wa zaka 15 kuti apeze mapointi, osaganiza za mawa lake. Ana ambiri amene anawala pa CARIFTA sanamvekenso atakula. Monga mphunzitsi, zimenezi zimandiwawa, chifukwa mwana si ng'ombe yapangolo.

Ndipo atsikana anayi a 42.58 aja analakwiridwa ndi akuluakulu. Lamulo limati kuti mbiri ya dziko lonse ivomerezedwe, othamanga onse anayi ayezedwe ngati sanamwe mankhwala oonjezera mphamvu liwirolo likangotha. Oyeza anayeza atatu, mmodzi n'kumusiya poti anali atamuyeza kale dzulo lake. Nthawi ija inakanidwa. Ana anachita mbali yawo yonse, cholakwa chinali cha anthu a mapepala. Mu August chaka chomwecho timu ya Jamaica, mapasa aja ali momwemo, inapita ku Cali ku Colombia n'kuthamanga 42.59, ndipo iyi inalembedwa m'buku.

Chimene mpikisanowu sunachite ndi kujomba. Kuchokera 1972 unachitika chaka ndi chaka, maboma akusintha, anamondwe akugwetsa mabwalo, ndalama zikusowa, mpaka mliri wa Covid-19 unauimitsa mu 2020 ndi 2021. Mu 2022 unabwerera ku Kingston, mu 2023 ku Nassau anakondwerera mpikisano wa nambala 50, mu 2024 unapita ku Grenada, mu 2025 ku Port of Spain. Kochi wa kusukulu ya kumudzi ku St Vincent atha kutenga kalendala mu September n'kuwerenga masabata otsala kuti Pasaka afike, n'kuuza mwana kuti pofika tsiku lakuti ukhale utafika pa nthawi yakuti. Mwanayo amakhulupirira chifukwa mkulu wake anapitako, mphunzitsi wakenso anapitako ali mwana. Ine kwa mtsikana wanga uja ndinalibe tsiku loti ndimulonjeze.

Kuno kumwera kwa Africa tili nawo masewero a achinyamata a Region 5, ndipo mu December 2022 anachitikira ku Lilongwe, othamanga n'kupikisana pa Bingu National Stadium. Ndinakondwa kuona ana a ku Botswana, Zambia, Namibia ndi athu ali pamzere umodzi. Koma masewerowa amabwera pakapita zaka ziwiri, ndipo m'moyo wa wothamanga wa zaka 16 zaka ziwiri n'zambiri. Chachikulu kuposa apo, makwerero apansi, a zoni, a boma ndi a chigawo, ndi amene amathyoka kawirikawiri, moti mwana wa kumudzi safika n'komwe pamene osankha timu angamuone.

Aphunzitsi anzanga amene mukadali pantchito, Pasaka akubwerayu pezani foni ndi kabandulo, musonkhanitse ana anu othamanga pansi pa mtengo, muwaonetse mamita 400 a osakwana zaka 17. Muwauze kumene kuli Gouyave ndi Toco, muwauzenso za Catherine Chikwakwa. Mukatero mupite kwa akuluakulu a zamaphunziro ndi zamasewero m'boma lanu, mukapemphe tsiku la mpikisano wa chaka chino ndi la chaka chamawa, alilembe papepala, ndipo pepalalo mukalipachike pakhoma la kalasi pamene ana aziliona.